Kumezanitsa Rauta: Mafunso a Anansi Anga a ku Masambanjati

Chiyambire tsiku limene ndinakhomera kabokosi ka tinyanga titatu pamwamba pa khomo la pabalaza panga kuno ku Masambanjati, kumene msewu wochokera ku boma la Thyolo, utapyola minda ya tiyi ya ku Makwasa, uyamba kupindikapindika m'zitunda polunjika ku Thekerani, sindinakhalepo sabata yathunthu wopanda mlendo wodzafunsa za iko. Abwera aphunzitsi, abwera akalaliki a kuesiteti, abwera amayi amene amuna awo ali ku Joni. Ndipo popeza wa lero afunsa chomwe anafunsa wa dzulo, ena nandiphonya ndili kudimba, ndaganiza zolemba mafunso awo pamodzi ndi mayankho anga, kuti wosowa mpata wokwera chitunda chino awerenge ali kwawo. Kufunsako sindikudandaula nako, pakuti safunsa anadya phula.

Funso: Achimwene, rauta tikuidziwa, ndi ija imwaza Wi-Fi m'nyumba. Nanga firmware mukunenayi n'chiyani?

Yankho: Rauta, ingakhale ioneka ngati kabokosi kachabe ka pulasitiki, ndi kompyuta yeniyeni, kungoti ndi yaing'ono ndi yopanda galasi loonerapo. M'kati mwake muli purosesa imene iwerengera, muli chosungira cha kanthawi chotchedwa RAM chimene chiiwala zonse magetsi akazima, ndiponso muli chosungira chokhalitsa chotchedwa flash, m'mene mwalembedwa malangizo onse amene kabokosiko katsata kakadzuka: kuti kalonjere motani foni imene yalowa m'nyumba, kaipatse nambala iti, kalole yani ndi kukaniza yani, ndi kuti kafikitse bwanji mawu anu kwa mwana wanu ku Johannesburg osawasakaniza ndi kanema amene mlamu wanu akuonera kuchipinda. Malangizo amenewa ndiwo firmware. Popanda iwo bokosilo lili ngati munthu wa dothi uja asanauziridwe mpweya: ziwalo zonse zilipo, koma palibe chigwedezeka. Kampani yopanga rauta iikamo firmware yakeyake isanagulitse. Koma pa marauta ambiri n'kotheka kufafaniza imeneyo ndi kulembamo ina yopangidwa ndi anthu ena, ndipo zomveka kwambiri ndi OpenWrt, DD-WRT ndi FreshTomato. Ntchito imeneyi ine ndiitcha kumezanitsa, pakuti mlimi akadula mtengo wa mango wamba nalumikizapo kanthambi ka mango okoma, tsinde likhala lomwelo, mizu yomweyo, koma zipatso zisintha. Ndidzanena makamaka za OpenWrt, chifukwa ndiyo ndaigwira ndi manja angawa.

Funso: Komatu amene anaipanga ndiye aidziwa bwino. Tichotserenji zake n'kuikamo za alendo?

Yankho: Mwafunsa mwanzeru, ndipo rauta yanu ikakhala yatsopano, nikukwanirani, musaivute. Koma taonani mmene malonda ayendera. Kampani ikagulitsa mtundu wina wa rauta, ikonza zolakwa za firmware yake zaka zowerengeka chabe, kenaka itembenukira ku mtundu watsopano, ndipo wakale uja usiyidwa ngati nyumba ya masiye imene chitseko chake chadyedwa ndi chiswe. Akuba a pa intaneti, amene sagona tulo, adziwa mipata yonse ya nyumba zotere. M'chaka cha 2018 akatswiri a kampani ya Cisco analengeza kuti pulogalamu yoipa yotchedwa VPNFilter inali italowa m'marauta ndi zipangizo zina zosachepera 500,000 m'maiko 54, eni ake osadziwa kanthu. Anthu a OpenWrt apitiriza kumata mipata pa marauta amene owapanga anawaiwala kalekale. Kuwonjeza apo, bokosilo likhoza zambiri kuposa zimene kampani ikuonetsani, ndipo zina mwa zobisikazo ndi zomwe zimene nyumba yodalira bandulo izisowa.

Mundilole ndipatuke pang'ono. Ife a ku Thyolo tinamva kwa makolo athu kuwawa kwa kukhala pa malo amene uwatcha kwanu pamene lamulo lake lili m'manja mwa wina, pakuti thangata, imene inakakamiza agogo athu kulimira eni maesiteti polipira malo okhalapo, inangothetsedwa mu 1962. Sindifanizira zowawa zija ndi kabokosi ka pulasitiki, kutero kungakhale chipongwe kwa amene anagona. Ndingonena kuti mtima wanga sukondwa pogula chinthu ndi ndalama zanga za nthochi, wogulitsa n'kutsalabe ndi makiyi a zipinda zina za m'katimo.

Funso: Anthu amenewa ndani, ndipo anawaloleza ndani kulowa m'katundu wa makampani?

Yankho: Nkhani yake iyambira pa rauta yotchedwa WRT54G, imene kampani ya Linksys ya ku America inayamba kugulitsa kumapeto kwa 2002. Mu 2003 anthu ofufuza anazindikira kuti firmware yake inamangidwa pa Linux, pulogalamu imene Linus Torvalds wa ku Finland anayamba kulemba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Tsono Linux iperekedwa pansi pa pangano lotchedwa GPL, lochokera kwa Richard Stallman ndi bungwe lake la Free Software Foundation, ndipo mutu wa panganolo ndi wakuti munthu aliyense angatenge, nasintha, nagulitsa ngati afuna, koma pogawira ena ayenera kuonetsa poyera mmene anailembera, kuti wolandira akhale ndi ufulu womwewo umene iye anaupeza. Monga mnzako akupatsa mbewu ya nthochi ndi mawu akuti nawenso usadzamane wina mphukira. Linksys, imene chaka chomwecho inagulidwa ndi Cisco, inali isanaonetse kanthu. Anthu anaumiriza, ndipo inaonetsa. Pa zoonetsedwazo panaphuka OpenWrt mu 2004, DD-WRT ya Sebastian Gottschall wa ku Germany mu 2005, ndi Tomato ya Jonathan Zarate mu 2006, imene mdzukulu wake ndi FreshTomato; ndipo zilembo za WRT zija ndi mfunda wa kholo lawo. A OpenWrt anagawikana mu 2016, ena napanga gulu la LEDE, koma mu 2018 anayanjananso monga abale. Motero palibe kuthyola nyumba ya munthu pano. Chimene mungataye ndi waranti, pakuti ogulitsa ambiri sadzalandiranso rauta imene mwasintha zam'kati.

Funso: Anyamata a pamsika akuti mukaika zimenezi intaneti isanduka yaulere. N'zoona?

Yankho: N'zabodza. Rauta ili ngati mpopi wa m'nyumba, ndipo mungasinthe mpopi kakhumi, madzi achokerabe kuthanki. Intaneti ichokera ku nsanja ya Airtel kapena ya TNM, kapena ku mbale ya Starlink, imene inayamba ntchito m'Malawi mu 2023, ndipo onsewo alipiritsa. Firmware ingokuthandizani kusamala madzi amene mwagula kale. Wokuuzani zoposa apa wayang'ana thumba lanu.

Funso: Ndili ndi rauta ya simu khadi imene ndinagula ku shopu ya kampani ya mafoni, ndiponso ina imene alamu anga anabwera nayo kuchokera ku Joni. Ndiyambe ndi iti?

Yankho: Ya simu khadi ija muisiye monga ilili. MiFi ya m'thumba ndi marauta ambiri a 4G ogulitsidwa ndi makampani a mafoni ali ndi zam'kati zimene owapanga sanaziulule, ndipo OpenWrt silowamo. Imeneyo ntchito yake ikhale yotunga: muiike pazenera loyang'ana kumene kuli nsanja, pakuti kuno kwathu kwa zitunda ndi zigwa netiweki ipezeka pangodya imodzi ya nyumba nisowa pangodya inzake, ndipo muchotse waya pa bowo lake lolembedwa LAN kukalowa pa bowo lolembedwa WAN la rauta yomezanitsidwa, imene idzakhala yogawa. Chimodzimodzi kwa amene ali ndi Starlink.

Ya ku Joni ija muitembenuze, muwerenge kapepala komatidwa kumimba kwake. Pamenepo pali dzina la mtundu, ndipo pambali pake pali kanambala kena, v2 kapena v5 kapena kotere, kamene ambiri sakaona, chikhalirecho ndiko kalamula zonse. Mango samezanitsidwa pa mtengo wa mapeyala. Rauta ya TP-Link yotchedwa TL-WR841N, imene ipezeka kawirikawiri chifukwa cha kutchipa, inatuluka m'mibadwo yoposa khumi, chigoba n'chofanana koma purosesa za m'kati n'zosiyana, ndipo fayilo ya m'badwo wina siyenera m'badwo unzake. Mukatero mufufuze dzinalo pa mndandanda wa OpenWrt wotchedwa Table of Hardware, muone zinthu ziwiri. Choyamba ndi kukula kwa zosungira: marauta a flash ya 4 MB ndi RAM ya 32 MB anasiyidwa pambuyo pa OpenWrt 19.07, ndipo kukakamiza firmware ya lero mwa iwo ndi kuthira vinyo watsopano m'thumba lakale. Pogula, funani flash ya 16 MB ndi RAM ya 128 MB kapena kuposa. Chachiwiri ndi mtundu wa zam'kati: za Qualcomm Atheros ndi MediaTek zimvana bwino ndi OpenWrt, pamene pa zambiri za Broadcom Wi-Fi igwira mopunduka kapena osagwira konse, ndipo eni marauta otere ndi bwino ayang'ane kwa FreshTomato kapena DD-WRT. Archer C7 ya TP-Link, kuyambira v2 kufika v5, yatumikira anthu ambiri mokhulupirika. Woopa kumezanitsa yekha angagule ya GL.iNet, imene ibwera ndi firmware yomangidwa pa OpenWrt kuchokera kufakitale.

Funso: Tiyerekeze kuti yanga yapezeka pa mndandandapo. Ntchito yeniyeniyo iyenda bwanji?

Yankho: Iyamba ndi kusankha tsiku. Ine ndisankha usana wa dzuwa, batire la sola litadzaza, laputopu itachajidwa. Masiku a chiperoni, pamene nkhungu ikuta minda ya tiyi kwa masiku atatu dzuwa osasuzumira, ntchito iyi sindiiyamba. Mupite pa tsamba la OpenWrt lotchedwa Firmware Selector, mulembe dzina la rauta ndi m'badwo wake, ndipo mudzaona mafayilo awiri: ya factory, imene ndi yolowera koyamba pochoka ku firmware ya kampani, ndi ya sysupgrade, imene ndi ya m'tsogolo pamene OpenWrt ili kale m'katimo. Lero mufuna yoyambayo. Mutenge ya mtundu wokhazikika wokhala ndi nambala, monga 24.10, osati yotchedwa snapshot, imene ndi ya oyesera ndipo ibwera yopanda tsamba la LuCI loyendetsera zinthu. Fayiloyo ndi yaing'ono, sifika ngakhale pa kanema mmodzi wa ukwati wotumizidwa pa WhatsApp. Koma popeza netiweki yathu idukaduka, muyerekeze nambala yaitali ya sha256 yolembedwa pansi pake ndi ya fayilo imene yafika kwa inu, kuti mutsimikize kuti sinaduke panjira. Muwerengenso tsamba la rauta yanuyo kufikira kumapeto, pakuti ina ili ndi miyambo yakeyake, ndipo ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Tsono mulumikize laputopu ku bowo la LAN ndi waya, osati ndi Wi-Fi, mutsegule tsamba la rauta pa nambala yolembedwa kumimba kuja, kawirikawiri 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, mupeze polembedwa Firmware Upgrade, musankhe fayilo ija, mudine. Apa ndipo pofunika mtima wa munthu wofuna kuona maso a nkhono. Kamzere kadzayamba kukwawa pa laputopu, tinyali ta rauta tidzaphethira, tidzazima tonse, kamodzi kadzayakanso nikaphethira mofulumira, kenaka pang'onopang'ono, kenaka n'kuima nji. Zonsezi zitenga mphindi zitatu kapena zisanu, zimene zidzaoneka ngati ulaliki wa m'busa wochedwa kutseka. Ine ndimatuma adzukulu kukasewera kubwalo, ndimatulutsa mphaka, ndipo ndimakhala manja ndili nawo m'khwapa kufikira kanyali kaja katakhazikika.

Funso: Nanga zikalephereka?

Yankho: Zinandigwera ine ndemwe. Rauta yanga yoyamba ndinaiyamba madzulo, mwachangu, pa magetsi a pakhoma, ndipo kamzere kali pakati penipeni nyumba yonse inada bii. Magetsi atabwera m'mawa, kabokosi kanangoyatsa kanyali kamodzi, tong'o, ngati diso la nsomba yowamba, osayankha foni kapena laputopu. Odziwa zinthuzi rauta yotere aitcha njerwa, pakuti ntchito imene yaitsalira ndi kutsekereza chitseko. Ndipo amayi a kunyumba kwanga, amene anadziwa mtengo wake, sanandilankhule mawu ambiri tsiku limenelo. Koma nthawi zambiri njerwa siifa yonse. Kumayambiriro kwa flash kuli kapulogalamu kodzutsa bokosi, kotchedwa bootloader, kamene kawirikawiri sikafafanizidwa. Ndipo pa marauta ambiri, mukagwira batani la reset pamene mukulumikiza magetsi, kapulogalamuka kapempha fayilo ku kompyuta yanu mwa njira yotchedwa TFTP, malinga mwapatsa kompyutayo nambala ndi fayiloyo dzina monga tsamba la rautayo linenera. Mphwanga wophunzira ku Blantyre atabwera ku tchuthi anaidzutsa yangayo motero, tiyi asanazizire m'kapu.

Imeneyo ndi ngozi yaikulu, ndipo ndi yosowa kwa wogwiritsa batire. Yofala ndi yaing'ono: OpenWrt yalowa bwino, koma mwasintha kanthu n'kudzitsekera kunja. Pamenepo gwirani batani la reset masekondi khumi rauta ili yoyaka, ndipo idzaiwala zosintha zanu zonse nibwerera monga inalili tsiku loyamba.

Funso: Aphunzitsi anzanga anaika, koma Wi-Fi sinaoneke pa foni. Kodi anaiononga?

Yankho: Sanaononge. OpenWrt ibadwa Wi-Fi ili yozimitsa, mwadala, kuti khomo lisakhale pululu mwini asanaikepo loko. Waya uja akadali pomwepo, alembe 192.168.1.1 pa Chrome kapena Firefox, alowe ndi dzina lakuti root, ndipo chinthu choyambirira aike pasiwedi ya mwini nyumba, imene sadzauza mwana kapena mlendo. Kenaka pa Network, polembedwa Wireless, apatse Wi-Fi dzina, asankhe dziko, limene chizindikiro chake ndi MW, asankhe loko wa WPA2 kapena WPA3, aike pasiwedi yachiwiri ya a m'nyumba, yosachepera zilembo 8 ndipo isakhale dzina la mwana kapena chaka chobadwa, adine Enable. Akonzenso nthawi posankha Africa/Blantyre, pakuti marauta ambiri alibe wotchi yosunga nthawi akazima, afunsa ku intaneti akadzuka. Msampha umodzi wotsala ndi uwu: rauta yotunga ija ikakhala nayonso pa 192.168.1.1, awiriwo adzakhala ngati ana a dzina limodzi m'kalasi, ndipo intaneti sidzadutsa. Asinthe yogawayo ikhale 192.168.2.1. Wopanda rauta yotunga angayatse hotspot pa foni, nadina Scan pa tsamba lomwelo la Wireless, rauta nkumamwa kwa foniyo.

Funso: Bambo, ine zonsezo sindizimva. Bambo a kunyumba atumiza ndalama ya bandulo ya mwezi, koma itha pa sabata ziwiri, ndipo ana onse akana. Kabokosi kanuko kangandithandize?

Yankho: Mayi, funso lanu ndilo limene ndinakhomera kabokosi kanga pakhoma. Poyamba mudziwe kuti mwina ana anu sakunama. Foni ikakhala pa data yakeyake idziletsa, koma ikangomva Wi-Fi iyesa yafika paphwando la mfumu pamene chakudya sichitha: iyamba kukonzanso mapulogalamu ake onse, kukweza zithunzi zonse kukazisunga kutali, ndi kutsitsa makanema a m'magulu a WhatsApp, mwini wake ali mtulo. Laputopu ya Windows ndiye mkango weniweni. Mafoniwo anapangidwira maiko amene Wi-Fi ya m'nyumba ilibe muyeso. Sadziwa kuti kuseri kwa yathuyi kuli bandulo yogulidwa ndi thukuta la munthu wogona m'kachipinda ku Joni. Mankhwala ake ndi kuuza foni iliyonse, pa zosintha za Wi-Fi, kuti netiweki iyi ndi ya muyeso, pa mawu akuti metered. Ndipo OpenWrt ikhoza kunong'oneza zimenezi mafoni a Android okha pamene alowa, mukalemba 43,ANDROID_METERED pa malo otchedwa DHCP-Options.

Chachiwiri ndi sikelo. Aliyense amene anatcholapo tiyi adziwa kuti mkangano wa amene watchola zambiri uthera kusikelo, kumene dengu lipachikidwa, kalaliki nalemba makilo pa nambala ya mwini wake, ndipo pakamwa pa wodzitama patsekeka. Pa OpenWrt pali kapulogalamu kowonjezera kotchedwa nlbwmon, kamene kaikidwa kuchokera pa tsamba la Software, ndipo kalemba foni iliyonse ndi ma MB amene yadya. Sabata yoyamba nditaika, ndinaitana a m'nyumba onse titatha mgonero, ndinatembenuza laputopu kuti aone. Mdzukulu amene tonse tinkamuloza chala anapezeka wachitatu. Pamwamba penipeni panali foni yanga, imene usiku uliwonse inkakweza zithunzi za msonkhano wa mpingo. Mlandu unathera pomwepo, woweruza atapezeka wopalamula.

Chachitatu ndi adblock, imene itsekereza zotsatsa malonda zambiri zisanalowe m'nyumba, pakuti nazonso zidya bandulo yanu, ngakhale za m'kati mwa YouTube ndi Facebook siizitha. Ndipo chachinayi, chimene chidzakomera inu makamaka, ndi SQM. Mudziwa mmene zikhalira kuchigayo pamene mayi wa kalichero kamodzi ka mphale aima kumbuyo kwa mwini matumba asanu: wachigayo wopusa amudikiritsa kufikira dzuwa litapendeka, koma wanzeru amulowetsa pakati, ndipo wa matumbayo sataya kanthu koma kamphindi. Mawu a amuna anu pa WhatsApp ndiwo kalichero, kanema wa ana ndiye matumba. SQM ndi wachigayo wanzeru uja. Muyeza liwiro la intaneti yanu madzulo, pamene anthu achuluka pa nsanja, mulemba nambala yocheperako pang'ono, ngati magawo asanu ndi anayi mwa khumi, ndipo mawu aleka kudukaduka ana ali kuonera zawo. Pa Firewall mungathenso kulamula kuti mafoni a ana a sukulu aleke kulandira intaneti nthawi ya 9 koloko usiku, wanu uli chigwirire.

Funso: Ndamva kuti OpenWrt ilola kukweza mphamvu ya Wi-Fi. Ndingaikweze kuti ifike kugolosale kwanga kutsidya kwa msewu?

Yankho: Phindu lake n'lochepa. Kukambirana n'kwa awiri: rauta ingafuule ngati mlaliki wa pamsika, koma foni iyankha ndi kamawu kake komweko, ndipo kamawuko kakapanda kufika, kufuulako n'kwachabe. Mafundewo ali ndi malire amene bungwe la MACRA, lokhazikitsidwa mu 1998, liyang'anira, ndipo mukasankha MW rauta isunga malire a dziko lathu yokha; musanamize kuti muli ku dziko lina. Chothandiza ndi malo. Muiike pamwamba, pakati pa nyumba, kutali ndi malata, amene abweza mafunde, ndi makoma a njerwa zootcha, amene awameza. Mafunde a 2.4 GHz apyola makoma kuposa a 5 GHz, ngakhale a 5 GHz ndiwo aliwiro, ndipo pa 2.4 musankhe njira 1, 6 kapena 11. Kumene Wi-Fi siifika, waya wa netiweki afika kufikira mamita 100, ndipo kumapeto kwake muika rauta yachiwiri. Koma waya wodutsa pabwalo ndi bwenzi la mphenzi, ndipo kuoloka msewu wa boma ndi nkhani ina.

Funso: Anansi apempha pasiwedi tsiku ndi tsiku. Kukana n'kovuta, koma tikapereka bandulo itha.

Yankho: Mwambo wathu sulola kumana mnansi moto, komanso sulola mnansi kunyamula mafuwa. OpenWrt ilola rauta imodzi kukhala ndi Wi-Fi ziwiri: ya a m'nyumba, ndi ya alendo, yokhala ndi pasiwedi yakeyake, liwiro lochepa, ndi mpanda woletsa mlendo kusuzumira mu laputopu yanu. Ya alendoyo muisintha pasiwedi mwezi ndi mwezi popanda kukangana ndi munthu. Kusonkherana ndalama ya bandulo mabanja awiri kapena atatu ndi nzeru, ndipo sikelo ija idzasunga chibale. Koma kugulitsa intaneti kwa anthu onse ngati malonda kuli ndi malamulo ake a chilolezo, ndipo wofuna kutero ayambe wafunsa ku MACRA. Kulowanso pa netiweki ya mnzako mobera ndi mlandu pansi pa lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti.

Funso: Nanga magetsi, poti azimazima?

Yankho: Amene anaona mdima umene unatsata namondwe Ana mu Januwale 2022, pamene madzi a Shire anagumula damu la Kapichira dziko n'kutaya pafupifupi ma megawati 130 kwa chaka ndi miyezi, sadzamanganso nyumba yake pa magetsi a pakhoma okha. Mwamwayi rauta idya pang'ono. Ya mawati 6 pa batire la 12 V ndi 7 Ah, limene lisunga 84 Wh, iyenera kuyaka maola 14 powerengera pa pepala, koma muyembekeze theka lake ngati mufuna batirelo likhalitse. Muwerenge pa chaja chake ngati ifuna 5 V, 9 V kapena 12 V, musaimwetse zoposa muyeso wake, ndipo pakati pa batire la sola ndi rauta pakhale chowongolera mphamvu. Kuzima kwa magetsi sikuononga OpenWrt imene yakhazikika kale, idzuka yokha ndi zonse munaikamo. Choopsa ndi mphenzi ya dzinja: mitambo ikada cha ku Mulanje, zulani mawaya onse, wa magetsi ndi wa netiweki womwe.

Funso: Pomaliza, achimwene, kodi aliyense achite zimenezi?

Yankho: Iyayi. Amene ali ndi foni imodzi ndi MiFi ya m'thumba alibe nazo ntchito. Amene rauta yake ndi imodzi yokha, nidalira pa iyo malonda ake a Airtel Money kapena Mpamba, asayesere pa imeneyo. Apeze yakale yotchipa, aphunzirirepo. Masamba onse a LuCI mudzawapeza m'Chingerezi, motero wosachidziwa akhale pambali pa mwana wa sekondale, mmodzi awerenge, wina aganize. Ndipo womezanitsa asaiwale mtengo wake: kamodzi kapena kawiri pa chaka aone ngati kwatuluka OpenWrt yatsopano, asunge zosintha zake pa Backup, aike fayilo ya sysupgrade, pa batire, usana. Koma kwa nyumba ya anthu asanu kapena khumi omwera bandulo imodzi, kwa aphunzitsi a m'nyumba zoyandikana, ndi kwa ofesi ya mpingo, ndinena mosakayika kuti ntchitoyi ibweza ndalama ya rauta. Inu amene mudzakwera chitunda chino kudzandiona, musanyamule bokosi lonse. Litembenuzeni, mukopere pa kapepala dzina lake ndi kanambala ka v kaja, mubwere nako Loweruka dzuwa lili pamutu.